Tchalitchi Chonse Chinamugoneka Bibiana

Pemba,
Okutobala.

Achemwali anga Marcelina,

Moni wanga ukupezeni kumeneko ku Mueda, inu ndi onse a pakhomo. Ndine mng'ono wanu Rufina. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kufika kumunda, kapena akungolamula anthu ali khale pamkeka? Dalaivala amene munamupatsira chinangwa chouma uja anandiuza kuti alamu anagwidwa ndi malungo. Ndikhulupirira kuti pano adzuka. Chinangwacho chinafika bwino, zikomo kwambiri, ngakhale kuti theka linathera m'mapoto a anzanga a pabwalo pano. Kuno sungatsitse thumba pamutu popanda anthu okuthandiza kumasula.

Ife tilipo, kungoti tilipo basi. Jacinta watalika moti madiresi onse akumulekeza pamwamba pa mawondo, ndipo pakamwa watengera ine, mwatsoka lake. Bambo ake, a Valério, anasiyiratu kusema. Angagule chosema cha phingo ndani m'tauni yodzaza ndi anthu othawa kwawo? Pano amanyamula matumba a simenti kudoko, amabwera ali mbuu thupi lonse. Ine ndikadali pa mandasi anga pamsika. Madzi ndiye atisowetsa mtendere. A pampopi amabwera akafuna okha, a pachitsime ndi amchere, sopo sachita thovu, nyemba sizipsa. Dzino lakumanzere lija layambanso, koma limenelo ndi vuto laling'ono.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndalemba kalata chikhalirecho foni muli nayo. Nkhaniyi ndayesa kuiyamba pafoni, koma ndikangomva mawu anu ndimapezeka ndikukufunsani za nkhuku. Muwerenge muli nokha. Amayi muwauze zokhazo zimene inu muone kuti angazisenze.

Mwezi uno takwanitsa zaka zinayi chichitikireni zija, pamene zigawenga zinatipeza kumishoni tili pakati pophunzira nyimbo. Amene anaphedwa tsiku limenelo tinawalira. Koma Bibiana wanga, mwana wanga woyamba, sanaphedwe. Anamukoka pamzere wakutsogolo pamodzi ndi atsikana anzake n'kulowa nawo kuthengo ine ndikuona. Mukudziwa kuti chiyambire ndakhala ndikukana maliro ake. Mayi wina amene anathawa kumisasa ya zigawengazo ananena kuti anamuona akutunga madzi, ali moyo. Ndi kale limenelo, mvula yagwa n'kugwanso chinenereni, koma ndi mawu okhawo amene ndili nawo.

Otsala a kwaya yathu tinapezananso kuno, ndipo timayimba m'tchalitchi cha kudera kwathu kuno. Ena ali ku Montepuez, ena ku Nampula, ena kaya. Wotiphunzitsa akadali a Atanásio omwe aja. Awonda kwambiri chiwaphereni akazi awo tsiku lija, koma ukali sunawonde. Akutinenabe ife a mawu achiwiri kuti timayimba ngati mbuzi zomangidwa padzuwa.

Ansembe anakonza zoti pakhale Misa yokumbukira tsikulo, ndipo anapempha a Atanásio kuti apeke nyimbo. Tsiku lina ndinangoona atulukira pamsika, aima pafupi ndi chiwaya changa, chipewa chili m'manja. Anati akusonkhanitsa mayina oti atchulidwe m'nyimbomo, ndiye abwera kudzapempha la Bibiana. Achemwali, mafuta anali akuwira, ndipo ndi chisomo chabe kuti sindinawakhuthulire. Ndinawafunsa ngati anauona mtembo wake ndi maso awo anayiwo, kuwerengera ndi magalasi omwe. Ndinati ngati akufa awachepera apite akafunse kuchipatala, mwana wanga si mchere woti nyimbo yawo ikomere.

Iwo sanakwiye. Anadikira mpaka nditamaliza kugulitsa mandasi kwa munthu wina, kenako anati iwe Rufina, pa zonse za kumudzi kuja pakamwa pako pokha m'pamene sipanapse, tandimvera kaye. Anati nyimboyo ili ndi zigawo ziwiri. Poyamba wotsogolera aziitana dzina la wakufa, kwaya yonse n'kumayankha kuti, “Wagona, wagona, msiyeni agone.” Akatha akufa, aziitana mayina a amene anatengedwa, koma pamenepo pasakhale woyankha. Kwaya itseke pakamwa, ng'oma isiye, tonse tidikire monga mmene umadikirira ukaitana mwana amene ali kuseri kwa nyumba. Anati woyenera kuyankha ndi mwini dzina, ndipo akufuna Mulungu adzimvere yekha kuti ana athu sakuyankha.

Mandasi anandipserera m'chiwaya. Kenako ndinawapatsa dzinalo.

Woitana mayina anasankha Sabina, mnzanga wogulitsa nsomba uja, wa mawu okwera. Tsiku loyamba kuiyesa, iye anaitana kuti Bibiana mwana wa Valério, ndipo tonse tinangoti zii. Ndinamva mpaka njinga yamoto ikudutsa kumsewu. Bambo wina kumbuyo anamina mphuno mwamphamvu, a Atanásio n'kumukalipira kuti nayonso mphunoyo idikire. Tinaseka misozi ili m'masaya.

Ndisabise, ndinayamba kupita kokonzekera chifukwa cha kanthawi kameneko kokha. M'kanthawi kameneko mwana wanga anali moyo, ndipo kwaya yonse inali kumudikira pamodzi ndi ine. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira ndekha. Ndinawafotokozera bambo a Bibiana kunyumba mmene nyimboyo imayendera, osati kamodzi. Ndinati mukadzamva dzina la mwana wathu mudzangokhala chete, ndi pomwe pali nkhani. Anangogwedeza mutu n'kupitiriza kukwecha simenti kumapazi.

Lamulungu la Misalo tchalitchi chinadzaza mpaka ena kumasuzumira pamawindo. Kunabwera anthu a kwathu amene sindinawaone chithawireni, ena atakalamba moti ndinawazindikira pomva mawu. Titayamba gawo loyamba, dzina lililonse linkagwera pa munthu wake. Sabina akaitana, penapake pankamveka mfuu. Mayi wina anagwa pakati pa mabenchi. Bambo wina wachikulire atamva dzina la mwana wake anaimirira njo, manja m'mbali, osakhalanso pansi mpaka Misa kutha. Wina anayamba kuseka, kuseka kosaleka, mpaka anzake anamutulutsa atamugwira m'mapewa. Akazi a Atanásio atatchulidwa, iwo anapitiriza kutiyendetsa ndi dzanja ngati sanamve.

Posakhalitsa mpingo wonse unali utagwira kale poyankha paja. Inu mukuwadziwa anthu a kwathu. Sitinaphunzitsidwe kumvera nyimbo titapinda manja. Wina akaitana umayankha, kaya ndi pamtondo, paukwati, pamaliro, chimodzimodzi. Tonse a m'kwaya tinakulira momwemo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zoti mpingo uuzidwiretu za gawo lachiwiri. Ine ndinkachita kukondwera kumva anthu akuyankha mwamphamvu. Chitsiru ine!

Mayina a akufa atatha, a Atanásio anakweza chibakera m'mwamba, chizindikiro chathu choti pasakhalenso woyankha. Ng'oma inasiya. Sabina anaitana dzina loyamba la otengedwa. Ife a kwaya tinati phee, monga tinaphunzirira. Koma mpingo unayankha ndi mphamvu zonse kuti, “Wagona, wagona, msiyeni agone.” Popanda ng'oma mawuwo anamveka kuposa poyamba. A Atanásio anatembenuka n'kuyamba kukupiza manja onse awiri kuti anthu asiye. Abale inu, anthuwo anayesa akuwauza kuti akweze, ndipo anakwezadi. Ansembe anali atawerama, akupemphera, sanaone kanthu. Sabina anandiyang'ana, koma anapitiriza. Pambuyo pake anandiuza akulira kuti pakamwa pankangoyenda pokha.

Ndinkadziwa ndondomeko ya mayina, choncho ndinaliona dzina la mwana wanga likubwera. Ndinafuna kukuwa kuti ayi, ameneyo ali moyo, anamuona akutunga madzi. Ine amene mawu anga amamveka msika wonse, ndinangogwira benchi. Sabina anaitana Bibiana mwana wa Valério, ndipo tchalitchi chonse, amuna, akazi, ana, mpaka a pamawindo aja, chinamugoneka mwana wanga.

Ndinaponya maso kumbali ya amuna kufuna bambo ake. Ndinkati mwina iwo aimirira, mwina atsutsa. Ndinawapeza atatsinzina, nkhope ili nyowe, akuyimba nawo. Anthu enawo sankadziwa, achemwali. Koma bambo akewo ankadziwa.

Ndipo chondiwawa china n'chakuti nyimboyo inali yokoma. Chibadwire sindinamvepo anthu akuyimba choncho. Mawu a amuna ankamveka m'benchi momwe ndinagwira, a akazi ali pamwamba, onse pamodzi ngati anaphunzira chaka chathunthu. Mtima unkakana, koma thupi langa linkaikonda nyimboyo. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbukira zimenezo.

Misa itatha anthu anandandalika kudzandigwira dzanja. Ankati pepani mayi, sitinamve kuti uthenga unafika, munamva liti? Mayi wina anandimangirira timetikali, tindalama ta kuno, pakona pa chitenje kuti n'chipepeso. Ndinafotokoza kuti kunali kulakwitsa, ndinafotokoza mpaka malovu kuuma. Ena ankangondisisita pamsana ngati wodwala mutu. Wina anachita kunena kuti aa, mayi, anthu onsewa angalakwitse nthawi imodzi?

Ndinazungulira kuseri kwa tchalitchi kukafuna a Atanásio kuti ndikawang'ambe. Ndinawapeza atakhala pamchenga, magalasi ali m'manja, malaya awo oyera atada kumsana. Asanandiyang'ane n'komwe anati Rufina, ngati wabwera kudzandimenya yamba, ena akubwera. Anati ankafuna kuti Mulungu amve bata, koma zikuoneka kuti naye bata salikonda. Ndinangokhala nawo pamchengapo mpaka Jacinta anabwera kudzanditenga.

Mayi Zainabo, eni nyumba imene tikukhalayi, anamva zonse ataima pansi pa mtengo wa mango kunja kwa tchalitchi. Ndi Msilamu, koma ndinali nditawaitana, popeza nawonso mwana wawo Momade anatengedwa kugombe akukonza ukonde. Kungoti za iyeyo anthu amanong'ona kuti anapita yekha mwakufuna kwake. Madzulo ake tikupala kokonati anandiuza kuti iwe mwana wa mtundu wa Chimakonde ukulira kuti wako amugoneka, wanga palibe angamutchule pagulu, ngakhale kumugoneka molakwitsa. Anandipempha kuti ndimuitane mmene amaitanira Sabina. Ndinaitana chapansipansi, tonse awiri n'kusiya kupala. Titadikira mokwanira, iwo anati basi, kokonati auma, n'kupitiriza.

Kuyambira sabata imeneyo anthu a pabwalo pano ndi a kumsika asiya kunditchula kuti mayi a Bibiana. Pano ndine mayi a Jacinta. Palibe anawauza, anangoyamba okha, mwaulemu ndithu. Ndimanamizira kusamva, koma khosi limatembenuka.

Tsopano ndifike pa bambo a Bibiana. Tsiku la Misalo atafika kunyumba anadya mbale ziwiri za mpunga, munthu amene chakudya chimamubwerera. Kenako anayala mkeka pakhonde masanasana n'kugona tulo tofa nato, pakamwa pali yasa. Ndinawayang'ana n'kumva ngati ndiwathire madzi. Atadzuka ndinawayamba. Ndinawatchula mayina amene sindingalembe m'kalata yopita kwa mkulu wanga. Ndinati ndi amantha, atopa ndi mwana wawo ngati mmene munthu amatopera ndi thumba la simenti, angomutula panjira.

Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya kundithera. Kenako anati inde mayi a Bibiana, ndatopa. Anati zaka zinayi zonsezi akangotseka maso amamuona mwana wawo ali m'manja mwa amuna amenewo. Anati iwe ukamati ali moyo umamuona ali pachitsime ndi ndowa, koma ine ndimaona zimene zimamuchitikira akachoka pachitsimepo, ndipo ngati ali moyo ndiye kuti zikumuchitikira lero lino. Anati m'tchalitchi muja, anthu atayankha, kanali koyamba kumuona atagona pansi payekha, popanda womugwira. Anandifunsa kuti ndimufunira chiti mwanayo.

Achemwali, funso limenelo ndimagona nalo mpaka pano.

Ndiye atsimikiza kuti pakhale maliro. Analankhula ndi amalume athu pafoni, ndipo amalume avomera kuti poti mtembo palibe, akwirire chovala cha Bibiana kumanda a kwathu, pafupi ndi agogo. Chovala chimene akufuna ndi chitenje chake cha kwaya, chimene chili m'bokosi lachitsulo lija munakalipulumutsa m'nyumba yathu itapsa. Akwera galimoto kumapeto kwa mwezi uno, ndipo afikira kwa inu. Ine sindibwera. Anthu akafunsa muwauze kuti ndi dzino.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikugwadirani. M'bokosimo muli zitenje za kwaya ziwiri zofanana, zabuluu za nkhunda zoyera. China ndi cha Bibiana, china ndi changa. Chake mudzachidziwa ndi mpendero wokhotakhota wa ulusi wofiira, anasoka yekha akukana kuti ndimuthandize. Changa chili ndi chipsera cha simbi chakumapeto. Akabwera muwapatse changacho. Muchipinde bwino, chipseracho chikhale mkati. Sadzazindikira ayi. Amuna sadziwa nsalu, ndipo awawa ndinametapo tsitsi lonse iwo n'kutha sabata asanaone.

Sindikufuna kuwalanda tulo tawo. Akwirire, alire, agone, mwina mmodzi wa ife n'kukhalako munthu woti alere Jacinta. Ndipo musaganize kuti ndikuchita izi chifukwa ndikuyembekezera kanthu. Chiyembekezo chinathera m'tchalitchi muja. Kale ndikamuitana mumtima ndinkamuona akutembenuka, ndowa ili pamutu. Pano ndikamuitana, umayankha ndi mpingo uja. Ndikukazinga mandasi ndimapezeka ndikuing'ung'udza nyimboyo, ndimachita kudziluma lilime. Kwaya ndasiya. Sindikukhulupiriranso kuti ndidzamuona ndi maso angawa. Kungoti dzanja langa silingapereke nsalu yake kuti ithiridwe dothi pomwe palibe munthu anandiuza kuti ndinamuona atafa. Ndayesa kulikakamiza, lakana.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka mawondo ndiwapatsira bambo a Bibiana. Moni kwa alamu, achire msanga. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana anu onse, makamaka wamng'ono uja amene sindinamunyamulepo. Jacinta akupereka moni kwa agogo ake, akuti amusungire nkhuku ya mawanga. Mayi Zainabo nawonso akuti ndikupatseni moni ngakhale simudziwana.

Ndikudziwa kuti inu ndinu woopa Mulungu, ndipo mtima ukuvutani kuti tikunamiza amalume, tikunamiza manda. Musavutike nazo. Tsikulo muime pafupi ndi dzenjelo m'malo mwanga, ndipo akayamba nyimbo muyankhe nawo ndi mawu onse. Simudzakhala mukunama, achemwali. Mwini chitenje chimene adzakwirirecho anatha kale.

Tsalani bwino.

Ine mng'ono wanu,
Rufina